Kufufuza dzina la Guillemé: komwe lidachokera, tanthauzo lake ndi kuchuluka kwake

Ntchitoyi ndi yokonza tsamba limodzi lofotokoza komwe dzina la Guillemé lidachokera, tanthauzo lake, ndi madera a ku France komwe limapezeka. Kwa anthu a ku Mchinji dzinali si lachilendo, poti kuli parishi ndi chipatala zotchedwa Guilleme, ena n'kumalemba Guillime. Mwini dzinalo anali Ambuye Mathurin Guillemé, wansembe wa chipani cha White Fathers amene adabadwa pa 3 Julayi 1859 pafupi ndi tauni ya Redon ku Bretagne, chigawo cha kumadzulo kwa France. Adalowa m'malo mwa Ambuye Joseph Dupont monga episkopi wa dera la Nyasa mu 1911, adatula pansi udindo mu 1934, ndipo adamwalira ku Likuni pa 7 Epulo 1942. Poti anali wansembe, sadasiye mbumba, choncho kuno dzinali lidasanduka la malo. Wofuna kulipeza ngati dzina la banja ayenera kukalisaka kwawo. Njira yomweyi ingagwire ntchito pa mayina ena achifalansa osowa omwe adafika kuno ndi amishoni, monga Auneau kapena Prézeau.

4 Febuluwale: zida, ndi kamzere ka pamwamba pa e

Zida zake ndi laputopu, bandulo ya intaneti, LibreOffice Calc (pulogalamu ya matebulo yonga Excel) ndi kope lolembamo pamanja. Makaundula akale a kubadwa, maukwati ndi imfa a Ille-et-Vilaine (dipatimenti, kapena kuti boma, momwe muli Redon), omwe amasungidwa ku Rennes, adajambulidwa ndipo amawerengedwa kwaulere pa intaneti. Mafayilo a INSEE, ofesi ya boma la France yoona za ziwerengero, nawonso ndi aulere. Geneanet ndi Filae, masamba a pa intaneti ofufuzira mibadwo ya mabanja, ali ndi mbali zina zolipira, koma pa gawo lino sitinafunike kulipira kalikonse. Ndalama yonse ikupita ku data, ndipo chomwe chikuidya kwambiri ndi zithunzi za makaundula, chifukwa tsamba lililonse ndi chithunzi chachikulu.

Vuto loyamba labwera tisanafufuze n'komwe. Dzinali limathera ndi é, osati e wamba. Pa Windows chilembochi chimatuluka mukagwira Alt n'kulemba 0233 pa manambala a kumanja. Pa foni mumangodina e kwa kanthawi. Titasunga fayilo ya CSV (tebulo losungidwa ngati mawu wamba) n'kuitsegula pa kompyuta ina, Guillemé anasanduka GuillemÃ©. Izi zimachitika fayilo yosungidwa mu UTF-8 ikatsegulidwa ngati Windows-1252 (ziwirizi ndi njira zosiyana zomwe kompyuta imasungira zilembo). Mankhwala ake ndi kusankha UTF-8 pa kabokosi komwe kamatuluka potsegula fayilo, osangodina OK mwaliwiro.

Tagwirizana kuti dzina lililonse lizilembedwa m'mizati iwiri. Mu umodzi lizikhala ndendende monga lalembedwera m'chikalata, ngakhale likuoneka lolakwika. Mu winawo lizikhala m'zilembo zazikulu lopanda zizindikiro. Kukonza kalembedwe ka mlembi wakale ndi kufufuta umboni womwe tikuufuna.

Katchulidwe ka Chifalansa kali pafupi ndi "Giyime": u samveka, ll amamveka ngati y, ndipo mawu amatsamira kumapeto.

9 Febuluwale: tanthauzo

Apa zinayenda msanga. Tsinde la dzinali ndi Guillaume, dzina la ubatizo lomwe ndi limodzi ndi William wa Chingerezi, Wilhelm wa Chijeremani ndi Wiliyamu wathuyu. Lidachokera ku zinenero zakale za anthu a Chijeremani, ndipo lili ndi mbali ziwiri: wil, kutanthauza chifuniro, ndi helm, chisoti chachitsulo chotetezera mutu pankhondo, kapena chitetezo chenichenicho. Pakati pa France, w wa Chijeremani adasanduka gu, monga zidachitikira ku mawu akuti guerre, nkhondo, ochokera ku werra. Kumpoto w adatsala, n'chifukwa chake kuli Willaume, pomwe kummawa, ku Lorraine ndi Franche-Comté, kuli Vuillaume ndi Vuillemin. Kummwera kuli Guilhem. Ku mbali ya Bretagne yolankhula Chibretoni kuli Guillerm, Guillerme ndi Guillou.

Polemba koyamba tinaika kuti Guillemé amatanthauza "mtetezi wolimba mtima". Tachotsa. Tanthauzo limenelo ndi la dzina la ubatizo, ndipo lidaiwalika kalekale mayina a mabanja asanayambe kukhazikika m'zaka za m'ma 1100 mpaka 1300. Mlimi amene anayamba kutchedwa ndi dzinali sankadziwa za chisoti chilichonse. Ankangodziwika kuti ndi wa kwa Guillaume, monga momwe kwathu kuno dzina la agogo, Yohane kapena Jemusi, limasandukira dzina la banja lonse. Dzina la Guillaume lidafala kwambiri nthawi imeneyo, mothandizidwa ndi kutchuka kwa Guillaume wa ku Gellone, amene adamwalira mu 812 n'kulemekezedwa ngati woyera, ndi Guillaume wa ku Normandie amene adalanda England mu 1066.

Pali mfundo ina yoyenera kulowa pa tsambali chifukwa owerenga athu angasokonezeke nayo. Dzina lotereli si chiwongo. Aphiri awiri akakumana amayamba kufunsana za ubale, koma a Guillemé awiri angakhale opanda ubale uliwonse, poti dzinali likanatha kubadwa palokha m'mudzi uliwonse momwe munali Guillaume.

17 Febuluwale: kamchira ka dzina

Mudzi umodzi ukakhala ndi a Guillaume asanu, pamafunika powasiyanitsira. Chifalansa chimachepetsa dzina poika kamchira kumapeto, pomwe ife timaika ka- kutsogolo. Timichira take ndi -et, -ot, -in, -on, -eau, ndipo ndi timene tidabala Guillemet, Guillemot, Guillemin, Guillemeau, komanso ofupikitsidwa ngati Guillot ndi Guillon. Onsewa ndi "kaGuillaume", mwana kapena wamng'ono wa Guillaume. Mabuku awiri odalirika pa nkhani ya mayinawa ndi dikishonale ya Albert Dauzat ya 1951 ndi ya Marie-Thérèse Morlet ya 1991; masamba ambiri a pa intaneti ogulitsa "mbiri ya dzina lanu" amangokopera mmenemo n'kuwonjezerapo chishango chongojambula.

Guillemé akukhala bwino pambali pa Guillemet. T wakumapeto samveka, ndiye mayina awiriwa amasiyana pang'ono chabe pakamwa: é ndi wotseka, -et ndi wotsegukirapo, ndipo m'malankhulidwe a madera ambiri kusiyanako kumazimiririka. Wansembe kapena mlembi ankalemba zomwe wamva, chifukwa makolo ambiri obweretsa mwana sankadziwa kulemba dzina lawo. Pa tsamba tilemba kuti Guillemé ndi m'bale wa Guillemet pa kapangidwe, ndipo tigwiritsa ntchito makaundula kuona ngati banja limodzi lomwelo lidalembedwapo m'njira zonse ziwiri.

Kalembedwe kadayamba kuuma mochedwa. Lamulo la pa 23 Ogasiti 1794 lidaletsa munthu kugwiritsa ntchito dzina losiyana ndi la pa chikalata chake cha kubadwa, koma alembi adapitiriza kusinthasintha zilembo mpaka kabuku ka banja, livret de famille, katafala m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880. Kuyambira pamenepo munthu ankabwera ndi kabuku, mlembi n'kungokopera.

26 Febuluwale: masiku atatu otayika ku Sainte-Marie

Zolemba za mpingo zimati Ambuye Guillemé adabadwira ku Sainte-Marie-de-Redon. Ku France kuli ma commune (matauni kapena midzi yokhala ndi meya wake) ambiri otchedwa Sainte-Marie, mpaka ku Martinique ndi ku La Réunion, choncho choyamba chinali kutsimikiza kuti tikunena wa mu Ille-et-Vilaine, nambala yake ya INSEE 35294. Nambala imeneyi isasokonezedwe ndi ya positi, 35600, yomwe imagwira Redon ndi midzi yozungulira.

Titatsegula makaundula a boma a Sainte-Marie, chaka cha 1859 munalibe. Tinaganiza kuti mabuku adapsa kapena sadajambulidwe, ndipo tinataya masiku atatu ndi data yambiri tikusakasaka m'ma commune olakwika. Chifukwa chake n'chapafupi: mu 1859 Sainte-Marie sanali commune payekha. Adapatulidwa kuchoka ku Bains mu 1872. Mwana wobadwira kumeneko chaka chimenecho chisanafike ankalembetsedwa ku ofesi ya meya wa Bains, komwe lero kumatchedwa Bains-sur-Oust, nambala 35013. Apanso pali msampha: Bain-de-Bretagne, nambala 35012, ali pamwamba pake penipeni pa mndandanda, ndipo ndi tauni ina kutali kumpoto chakummawa.

Tasintha dongosolo la ntchito. Tisanatsegule kaundula aliyense, tiziyamba taona chaka chomwe commune idakhazikitsidwa, komwe idapatulidwa, ndi mayina ake akale. Zimatenga mphindi zisanu.

Redon nayo ili pamalo ovuta. Ili pomwe mtsinje wa Oust umathira mu Vilaine, ndipo madipatimenti atatu amakumana pomwepo: Ille-et-Vilaine, nambala 35, Morbihan, 56, ndi Loire-Atlantique, 44, yomwe mpaka 1957 inkatchedwa Loire-Inférieure. Mnyamata wa ku Bains akanatha kukwatira tsidya la mtsinje, makilomita ochepa chabe, ukwatiwo n'kulembedwa m'mabuku omwe lero ali ku Vannes kapena ku Nantes. Ndiye malo osungira makaundula ndi atatu, lililonse ndi tsamba lake la pa intaneti ndi kasakidwe kake. Kuti derali limalankhula Gallo, chinenero chachibale ndi Chifalansa, osati Chibretoni, kukugwirizana ndi maonekedwe a dzinali: kamchira kake ndi kachifalansa.

6 Malichi: kuwerenga makaundula

Njira yachidule ndi tables décennales, mindandanda ya zaka khumikhumi yomwe imasonkhanitsa mayina a obadwa, okwatirana ndi omwalira motsata zilembo. Ya 1853 mpaka 1862 ndiyo ikukhudza 1859. Mumapeza dzina ndi tsiku pa mndandandawo, kenako n'kupita ku buku la chaka chimenecho. Chenjerani kuti tsiku la pa mndandanda nthawi zambiri ndi lolembetsa, osati lobadwa. Lamulo linkapereka masiku atatu olembetsa mwana, ndipo tsiku lenileni lili m'kati mwa chikalata, lolembedwa m'mawu ngati hier, dzulo, kapena avant-hier, dzana. Mindandanda ina idangosanjidwa pa chilembo choyamba chokha, moti muyenera kuwerenga G yense.

Dzina la ubatizo silithandiza kwenikweni kusiyanitsa anthu. Mathurin linali dzina lofala zedi ku Bretagne ya kummawa, komwe Mathurin Woyera amalemekezedwa kwambiri, moti a Mathurin amatha kubwerezabwereza m'banja limodzi. Chosiyanitsira ndi dzina la mayi ndi la kamudzi komwe banjalo linkakhala.

Kubwerera m'mbuyo, malire aakulu ndi 20 Sepitembala 1792, pomwe kulemba za kubadwa, ukwati ndi imfa kudachoka m'manja mwa ansembe kupita kwa a meya. Patsogolo pake pali zaka za kalendala ya nthawi ya Revolution, kuukira komwe kudagwetsa ufumu wa France, yomwe idagwira ntchito mpaka kumapeto kwa 1805, ya miyezi ngati vendémiaire ndi fructidor. Masiku ake tikuwasintha ndi tebulo n'kulemba onse awiri. Kuyambira Sepitembala 1798 mpaka 1800 maukwati ankachitikira ku likulu la canton, dera la ma commune angapo, choncho kusowa kwa ukwati m'buku la mudzi pa zaka zimenezo sikutanthauza kuti sudachitike.

M'mbuyo mwa 1792 ndi mabuku a parishi. Lamulo la Villers-Cotterêts la 1539 lidalamula kulemba maubatizo, la Blois la 1579 lidawonjezera maukwati ndi maliro, ndipo kuyambira 1667 mabuku ankayenera kukhala awiriawiri. Zimenezi n'zothandiza: tsamba likang'ambika kapena inki ikafufutika m'buku limodzi, limzake lingakhale bwino, ndipo nthawi zina mabuku awiriwo amalemba dzina limodzi mosiyana. Bretagne idayamba kale kuposa madera ambiri. Buku la Roz-Landrieux, mu Ille-et-Vilaine momwemo, limayambira mu 1451. M'mabuku a Chilatini dzina la ubatizo limaoneka ngati Guillelmus, koma la banja kawirikawiri limasiyidwa monga anthu ankalitchulira.

Zolemba pamanja zatipusitsa m'njira zitatu. Alembi akale ankasiya kamzere ka é nthawi zambiri, ndiye Guilleme wopanda kamzere sakutsimikiza katchulidwe kena. Chachiwiri, m wolembedwa mothamanga amafanana ndi rm, moti Guillemé ndi Guillerme, omwe ndi mayina awiri osiyana, amasinthana mosavuta, makamaka m'mindandanda yomwe anthu odzipereka adakopera pa intaneti. Chachitatu, t wakumapeto amatha kukhala kamzere kakang'ono kokwera komwe kamaoneka ngati kamzere ka é. Tikakayika tikuyerekeza ndi mawu ena a mlembi yemweyo pa tsamba lomwelo, ndipo komwe bambo kapena mboni adasaina yekha, siginecha yake tikuilemba padera chifukwa ndiyo ikusonyeza momwe banjalo linkadzilembera.

15 Malichi: fayilo ya mayina ya INSEE

Funso la kuchuluka lili ndi gwero limodzi lalikulu. INSEE idatulutsa fayilo ya mayina a mabanja a anthu obadwa ku France kuyambira 1891 mpaka 2000, yogawidwa m'zaka khumikhumi, ina ya dziko lonse, ina ya dipatimenti iliyonse. Dzina limaoneka palokha ngati lidapatsidwa kosachepera ka 30 pa nthawi yonseyo. Ocheperapo adawaunjika pamodzi. Masamba ojambula mapu a mayina, monga Geopatronyme, amadalira ziwerengero za INSEE zomwezi, m'magawo anayi: 1891 mpaka 1915, 1916 mpaka 1940, 1941 mpaka 1965, ndi 1966 mpaka 1990.

Apa kamzere kaja kabweranso. Mayina mu fayiloyi ali m'zilembo zazikulu zopanda zizindikiro. Mzere wa GUILLEME ukuphatikiza aliyense amene dzina lake limalembedwa ndi zilembo zimenezo, kaya ndi Guillemé, Guillème kapena Guilleme. Nambala ya pamzerewo ndi denga, sikuti onsewo ndi a Guillemé, ndipo pa tsamba lathu iyenera kulembedwa ndi chenjezo limenelo pambali pake. Ndiponso ikuwerenga obadwa pa zaka 110, osati amoyo lero. Kulemba kuti "ku France kuli anthu akutiakuti a dzinali" pogwiritsa nambala imeneyi ndi bodza, ngakhale masamba ambiri amatero.

Pofuna kudziwa kwawo kwa dzina, gawo lakale kwambiri ndilo lofunika, anthu asanakhamukire ku Paris, Nantes ndi Rennes. Zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zimanamiza mwanjira ina: ana adasiya kubadwira kunyumba, n'kumabadwira m'zipatala za m'matauni, ndiye dzina la kumudzi limaoneka ngati la m'tauni, mwinanso la dipatimenti yoyandikana nayo. Kwa dera ngati la Redon zimenezi n'zazikulu. Mbali inayi, zaka zakalezo ndi zomwe ziwerengero zake zili zoperewera kuposa za posachedwa. Tasankha kuwerenga 35, 44 ndi 56 ngati dera limodzi, ndi kugawa nambala ya dzina ndi chiwerengero cha obadwa onse m'dipatimentiyo, apo ayi Paris imapambana pa dzina lililonse chifukwa cha kuchuluka kwa anthu.

22 Malichi: fayilo ya omwalira, ndi nyenyezi

Fayilo ya mayina imathera pa dipatimenti. Kuti tifike pa mudzi tatenga fayilo ina ya INSEE, ya anthu omwalira kuyambira 1970. Mzere uliwonse ndi munthu mmodzi: zilembo 80 zoyambirira ndi dzina la banja, nyenyezi, mayina a ubatizo ndi kamzere kopendekera, kenako nambala 1 kapena 2 ya mwamuna kapena mkazi, tsiku lobadwa m'manambala 8 kuyambira chaka, nambala ya commune yobadwira m'manambala 5, dzina la commune, tsiku ndi malo omwalirira. Amayi amalembedwa ndi dzina lobadwa nalo, osati la mwamuna wawo, zomwe zikutikomera. Obadwira kunja kwa France nambala yawo imayamba ndi 99.

Kulakwa koyamba kunali kufuna kutsegula zaka zingapo pamodzi mu Calc. Ku France kumamwalira anthu opitirira theka la miliyoni chaka chilichonse, pomwe tsamba la Calc kapena Excel limathera pa mizere 1,048,576. Pulogalamu inadula fayilo, ndipo tikanapanda kuwerenga chenjezo tikanawerengera zoperewera. Njira yabwino ndi kusefa kaye fayilo isanalowe mu Calc.

Kulakwa kwachiwiri kunali kusefa ndi GUILLEME yekha. Kunatuluka GUILLEMET, GUILLEMEAU, GUILLEMETTE, mpaka amayi a mabanja ena omwe Guillemette ndi dzina lawo la ubatizo. Chofunika ndi kuuza kompyuta kuti dzina liyambire kumayambiriro kwa mzere n'kuthera pa nyenyezi. Koma nyenyezi ili ndi ntchito yakeyake m'mapulogalamu osakira, choncho iyenera kutsekeredwa. Pa grep, pulogalamu yosakira mawu m'mafayilo, talemba motere: grep "^GUILLEME\*" ndi dzina la fayilo. Mu Excel nyenyezi yeniyeni imalembedwa ~*. Zitatero mizere inatsika kufika poti n'kuwerengeka ndi maso. Mayina ophatikiza, okhala ndi GUILLEME kutsogolo kapena kumbuyo kwa dzina lina, sagwidwa ndi sefa imeneyi, tawasaka padera.

Zotsala ndi zosavuta: kudula manambala 5 a malo obadwira, kuwerenga kuti commune iliyonse yatuluka kangati, ndi kusiya okhawo obadwa 1940 isanafike. Mizere ina imabwereza munthu mmodzi kawiri, ndiye tikuchotsa yofanana dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Ma commune ena adaphatikizidwa kapena kusintha nambala, choncho nambala iliyonse yachilendo tikuiyang'ana pa mndandanda wa INSEE wa ma commune akale. Amene alibe kompyuta yamphamvu angagwiritse ntchito matchID, tsamba laulere losakira fayilo yomweyi, ngakhale limakonda kubweretsanso mayina ofananako ngati simunalipanikize.

Pa tsamba lathu sitiikapo dzina la munthu aliyense wa mu fayiloyi. Tikufuna manambala a midzi okha.

2 Epulo: pomwe tafika

Gawo la tanthauzo latha ndipo lalembedwa m'ndime ziwiri: Guillaume, wil ndi helm, kenako kamchira kochepetsa. Gawo la Ambuye Guillemé lakonzedwa kuti linene Sainte-Marie, ndi kuwonjezera kuti mu 1859 malowo anali pansi pa Bains. Pa kalembedwe tasankha Guillemé ponena za munthu ndi Guilleme ponena za malo a ku Mchinji, chifukwa ndi momwe malowo amadziwikira.

Zatsala ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutenga ma commune asanu otsogola pa fayilo ya omwalira n'kutsegula tables décennales zawo, kuti tione ndi maso kuti ndi angati mwa a GUILLEME ali ndi é. Yachiwiri ndi kutsata banja limodzi la ku Bains m'mbuyo, mbadwo ndi mbadwo, kudzera m'zikalata za ukwati, poti ndizo zimatchula makolo a mbali zonse ziwiri, mpaka tilowe m'mabuku a parishi a m'ma 1700, n'kulemba kalembedwe ka dzinali pa chikalata chilichonse. Gawo limeneli ndilo lidye data yambiri, choncho tiyamba ndi Ille-et-Vilaine yokha, Vannes ndi Nantes zidikire mwezi wamawa.